Kope la Almira Stroud

M'ntchito ya anthu ophunzitsa zolembedwa zakale, aliyense amakhala ndi wakufa wake. Ambiri amasankha akufa otchuka, amuna andevu a zaka za m'ma 1800 amene zithunzi zawo zapachikidwa m'makonde a sukulu, ndipo amawalimbirana ngati abale pa chuma chamasiye: uyu watenga makalata, uyo watenga zaka za ubwana, winayo watsala ndi nthenda imene inapha mwiniwake. Noreen Vandermolen sanalimbirane ndi munthu. Wakufa wake anamufukula yekha, ndipo kwa zaka makumi atatu aliyense wofuna kunenapo kanthu za Almira Stroud ankayamba wagogoda pakhomo pa Noreen.

Anabadwira ku Michigan, m'banja la akalipentala opanga mipando, anthu opemphera amene Lamlungu sankatsegula ngakhale nyuzipepala. Bambo ake anali ndi chizolowezi chimene chinkachititsa manyazi mayi ake: akalowa m'nyumba ya eni, ankadikira kuti mwininyumba atuluke pang'ono, n'kutembenuza mpando kuti aone mmene anaulumikizira kunsi. Noreen anatengera zimenezo. Akapatsidwa pepala lakale ankaliyang'ana kumbuyo asanawerenge kutsogolo, ankaliunika padzuwa, ankayeza mipata ya mizere. Ophunzira ake ankaopa funso lake limodzi, limene ankalifunsa mosakweza mawu: "Mwaziona ndi maso anu, kapena mwaziwerenga kwa wina?" Izi ziyenera kunenedwa poyambirira, kuti wina asaganize kuti zimene zinamugwera ndi zija zimagwera anthu aphuma.

Anafika pa yunivesite ya boma ya kumadzulo kwa New York mu 1981, akufunafuna mutu wa digiri yake yaudokotala. Inali nthawi imene akazi ophunzira anali atatopa nawo amuna andevu aja, ndipo ankakwera m'madenga a nyumba zakale ndi kutsegula mabokosi a m'matchalitchi kufunafuna akazi amene analemba koma osakumbukiridwa. Noreen anayamba ndi nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu ya ku Tillbury, tauni ya alimi a ng'ombe zamkaka yomwe ili ulendo wa theka la ola kuchokera pa yunivesite. Pakati pa malonda a batala ndi zidziwitso za maliro anapezamo tinkhani tifupitifupi topanda dzina la mlembi: za tsiku lopha nkhumba, za mkazi wamasiye wogulitsa wotchi ya mwamuna wake, za mwana womwalira nthaka itauma gwa ndi chisanu. Tinali tinkhani touma, tosapempha misozi kwa wowerenga, ndipo tinamugwira mtima.

Wina kutchalitchi anamuuza kuti banja la a Stroud lili ndi kope lakale. M'kopemo munali nkhani khumi ndi ziwiri, zolembedwa ndi dzanja la Almira Stroud, mkazi wa mlimi, wobadwa mu 1838. Zisanu ndi ziwiri mwa nkhanizo zinali zomwe zija za m'nyuzipepala. Pamwamba pa nkhani iliyonse Almira analembapo tsiku, ndipo tsiku la m'kope nthawi zonse linkatsogolera tsiku la m'nyuzipepala ndi miyezi ingapo. Komanso apa ndi apo panali mawu odulidwa ndi mzere, ena atalembedwa m'malo mwake. Noreen anaganiza monga aliyense akanaganizira: cholembedwa pamanja chimene chatsogolera chosindikizidwa, chokhalanso ndi zipsera za kukonza, ndi cha mlembi mwiniwake.

Buku lake linatuluka mu 1987. Mutu wachinayi wonse unali wa mawu odulidwa aja, wofotokoza mmene mkazi wa sukulu yochepa ankalimbanirana ndi chiganizo mpaka chitagonja. Bukulo linamupatsa mpando wa upulofesa umene munthu sachotsedwapo. Ophunzira atatu analemba madigiri awo pa Almira, n'kupezera pomwepo ntchito. Banja la a Stroud linapereka kopelo kuti lisungidwe ku laibulale ya yunivesite, ndipo khonsolo ya Tillbury inaimika chikwangwani chamkuwa pamphambano, pafupi ndi positi ofesi. Ukwati wa Noreen unatha mwakachetechete mu 1994. Mwamuna wake ankauza anzake kuti m'nyumbamo munali akazi awiri, ndipo wakufayo ndiye ankayamba kupatsidwa moni m'mawa. Sankanama kwenikweni. Noreen ankadziwa dzanja la Almira kuposa la mayi ake omubala. Ankatha kuloza tsamba limene Almira anasintha cholembera, ndi limene analemba zala zitazizira.

Mu Okutobala 2012 kampani ina yosindikiza mabuku inali kukonza nkhani khumi ndi ziwiri zija kuti zilowe m'sukulu za sekondale, dzina la Almira pachikuto, mawu oyamba ndi mawu ofotokozera a Noreen m'kati. Mapepala omaliza anali patebulo lake. Ankangoyenera kuwasainira pofika Lachisanu, makina n'kuyamba kuzungulira.

Lolemba m'mawa foni ya muofesi inalira. Anali Hollis Tarbox, wosunga mapepala akale m'chipinda chapansi cha laibulale, bambo wamkulu thupi wa bondo lovuta, amene iye ndi Noreen anakhala akunyozana mwachikondi kuyambira onse ali ndi tsitsi lakuda.

"Noreen, tatsika kuno."

"Ndili pantchito, Hollis. Si tonse amene timadyera kuuza anthu kuti akhale chete."

"Tatsika basi. Khofi usiye konko."

Hollis sanabweze chipongwecho, ndipo n'chifukwa chake Noreen anatsika.

Laibulale inali itangolandira kumene makina atsopano. Nyuzipepala zakale zikwizikwi za dziko lonse zinali zitajambulidwa tsamba ndi tsamba, ndipo munthu akalemba chiganizo pakompyuta, inkamuonetsa paliponse pamene chiganizocho chinasindikizidwapo. Pofuna kuwayesa, Hollis analemba chiganizo chimene ankachidziwa pamtima chifukwa ankachiona pachikwangwani chija popita kukagula madonasi: "Nthaka inakana kumulandira mpaka mu Epulo, choncho tinamusunga m'nkhokwe pamodzi ndi mbewu."

Kompyuta inachipeza m'malo makumi anayi ndi amodzi. Akale kwambiri anali nyuzipepala ya ku Kentucky ya mu Malichi 1849. Chaka chimenecho Almira anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ku Kentucky sanapondeko moyo wake wonse.

Noreen anakoka mpando. Anawerenga nkhani yonse, chala chikuyenda pagalasi. Anauza Hollis kuti akulitse pamwamba pa tsambalo kuti aone tsiku, ndipo analiona.

"Zinazo?"

"Ndayesa zinayi, ndinalekera pomwepo. Ndinamva ngati ndikupisa m'chikwama chako iwe uli kuchimbudzi."

"Yesa zonse."

"Noreen."

"Zala zakozo zimangodziwa madonasi? Yesa zonse."

Pofika masana zonse khumi ndi ziwiri zinali zitapezeka, iliyonse itasindikizidwa kwina zaka zisanu, ina khumi, Almira asanailembe m'kope.

Chopweteka sichinali chakuti Noreen sankadziwa. Ankadziwa zonse, ndipo ankaziphunzitsa chaka ndi chaka. Ankalowa m'kalasi ndi sizasi yaikulu, kuiika patebulo, n'kufotokoza kuti akonzi a nyuzipepala a m'nthawi ya Almira ankatumizirana nyuzipepala zawo ulere papositi, ndipo aliyense ankadula chimene chamukomera n'kuchisindikiza m'nyuzipepala yake, dzina la mlembi n'kutayika pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu. Ankaphunzitsanso kuti m'nyumba zambiri munkakhala kope lokoperamo ndakatulo ndi nkhani zimene munthu wazikonda, popeza nyuzipepala inkathera pamoto kapena pokulungira nyama. Mfundo ziwirizi ankazisunga m'mabokosi awiri osiyana a m'mutu mwake, ndipo Almira anali m'bokosi lachitatu, lokhoma.

Chodzitetezera chinalipo, ndipo chinali choona. Mu 1982 munthu sakanatha kuwerenga nyuzipepala zonse za dziko. Noreen anawerenga za maboma atatu oyandikana, zaka zinayi akupukusa filimu ya zithunzi za nyuzipepalazo m'chipinda chamdima mpaka anayamba kuvala magalasi. Almira anali atakopera m'nyuzipepala ina imene Noreen sanaione, ndipo mkonzi wa ku Tillbury anadzadula nkhani zomwezo pambuyo pake, pa nthawi yake. Pamenepo munthu akanamukhululukira. Koma mawu odulidwa aja analibe chodzitetezera. Ataika kope pambali pa tsamba losindikizidwa anaona chimene chinkachitika: pamene mizere iwiri yoyandikana inkathera pa liwu lofanana, diso la Almira linkalumpha mzere umodzi, dzanja n'kupitiriza, kenako ankazindikira, n'kudula, n'kubwerera. Wophunzira wa chaka choyamba amauzidwa kuti chimenecho ndi chizindikiro cha munthu wokopera. Masamba makumi anayi a mutu wachinayi ankatamanda diso lotopa la mayi wolera ana.

"Ine sindinaone kanthu," anatero Hollis akuzimitsa kompyuta. "Maso angawa anayamba kalekale kundinamiza, kafunse mkazi wanga."

"Usandimvere chisoni. Sichikukhala, ngati tayi ija unavala pamaliro a mkulu wa dipatimenti."

"Chabwino, mayi, imva zopanda chisoni. Makinawa ali kale m'mayunivesite mazana awiri. Tsiku lina mwana wa eni adzalemba chiganizo chomwechi. Mwina mawa, mwina iwe utapuma kale ntchito ukuweta amphaka. Ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti sizidzachokera kwa ine."

"Amphaka ndimadana nawo."

"Udzawazolowera."

Lachiwiri Noreen anayesa njira yoyamba, yongokhala chete, monga munthu amayesera nsapato m'sitolo. Inamukwana bwino, ndipo zimenezo zinamudabwitsa. Anaphunzitsa kalasi yake ya m'mawa osaphonya liwu. Anakhala maola awiri pamsonkhano wokambirana za malo oimikapo magalimoto, n'kuperekapo maganizo anzeru. Mphunzitsi wina watsopano anamupatsa moni pamakwerero pomutchula kuti mayi ake a Almira, ndipo Noreen anamwetulira monga mwa masiku onse. Zinamutsalira zaka ziwiri kuti apume. Akanasaina Lachisanu, ndipo tsiku limene mwana wa eni uja akanatulukira, Noreen akanadabwa pamodzi ndi anthu onse. Palibe akanadziwa kuti anadziwa, kupatula bambo mmodzi wa bondo lovuta.

Njira yachiwiri inali yoopsa kuposa yoyamba chifukwa inali yaulemu. Anthu a ntchito imeneyi sanenanena kuti analakwitsa. Amanena kuti funso lakula, kuti umboni watsopano waunikira mbali ina, kuti nthawi yakwana yoti tiganizirenso za amene timamutcha mlembi. Munthu waluso amatha kutuluka m'cholakwa chake atanyamula buku lachiwiri. Ndipo Noreen anapeza pogwira. Khumi mwa nkhani zosindikizidwazo zinkathera ndi ndime ya ulaliki: mwana atasungidwa m'nkhokwe, mlembi ankatembenukira kwa owerenga n'kuwakumbutsa za kudzichepetsa pamaso pa Mulungu. M'kope la Almira ndime zimenezo munalibe. Nkhani inkangoima pamene chinthu chachitika, ndipo kuima kumeneko ndi kumene akatswiri anakhala akukutama kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Ndiye kuti kanthu kena kanalidi ka Almira: sanalembe, koma ankadziwa polekezera.

Lachitatu lonse anakhala akulemba mawu oyamba atsopano. Anatuluka abwino kuposa chilichonse chimene analemba m'zaka khumi. Munalibe chiganizo chabodza ngakhale chimodzi. Ankanena za sizasi, za makope okoperamo, za mkazi amene posankha ndi posiya anapanga chinthu chake. Dzina la Almira likanakhalabe pachikuto. Ndipo munthu womaliza kuwerenga akanatseka bukulo akuganiza kuti Pulofesa Vandermolen zonsezi ankazidziwa kuyambira kale.

Laibulale isanatsekedwe anatsikanso kwa Hollis n'kupempha kopelo. Sanawerenge mawu, anayang'ana pamene nkhani iliyonse inathera papepala. Mwa khumi zija, zisanu ndi zitatu zinathera pa mzere womaliza weniweni wa tsamba, zilembo zikucheperachepera ngati za munthu amene akuona kuti malo akumuthera. Tsamba lotsatira linkayamba ndi zina: kaphikidwe ka sopo, mankhwala a ng'ombe yotupa bere. Mwina Almira ankadana ndi ulaliki. Mwinanso pepala linali losowa, ndipo ndime yomaliza inangosowa pokhala. Zotsala ziwiri zinaima pakati pa tsamba, malo alipo. Pa ziwirizo munthu akanatha kumangapo buku, ndipo kamangidwe kake Noreen ankakadziwa.

"Wapezamo chiyani?" anafunsa Hollis.

"Mayi amene ankasamala pepala."

"Basi?"

"Mwina basi. Mwina ayi. Sindingadziwe, ndipo mwiniwake sangafunsike."

"Nanga zimene wakhala ukulemba tsiku lonsezo, ndingawerenge?"

"Ayi. Ungazikonde."

Lachinayi anapita ku Tillbury. Ankadziuza kuti eni ake ayenera kumva poyamba, nkhani isanafike kwa alendo. Chifukwa china sankachitchula, koma chinakwera naye m'galimotomo: ankayembekeza kuti banjalo limuchonderera kuti asachititse manyazi agogo awo. Munthu akakhala chete chifukwa chopemphedwa ndi nkhalamba, kukhala cheteko kumaoneka ngati chifundo.

Wotsala pafamupo anali bambo Wendell Stroud, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu, amene Almira anali agogo a bambo awo. Ng'ombe anagulitsa kalekale. Tsopano ankakonza makina otchetchera kapinga a anthu oyandikana nawo, kwinaku akuwanena eni ake kuti sadziwa ngakhale pothira oyilo.

"Kodi ndi a Pulofesa. Lowani, lowani. Agogo apambana chiyani ulendo uno?"

"Palibe chimene apambana, bambo Stroud. Ndabwera ndi nkhani yovuta."

"Yovuta imafuna khofi. Khalani apo. Mpando winawo ayi, uli ngati wandale, umapendekera kumene kwalemera."

Noreen anayala mapepala patebulo la m'khitchini n'kufotokoza pang'onopang'ono, monga dokotala amene wabwera ndi zotsatira zoipa. Bambo Stroud anavala magalasi, anawerenga tsamba la ku Kentucky lonse milomo ikuyenda, kenako anamuyang'ana.

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

"Agogo anu sanalembe nkhanizi. Anangokopera."

"Ee, anakopera. Si kope lokoperamo limenelo?"

Noreen anaika kapu ya khofi patebulo.

"Mayi anga anakuuzani, a Pulofesa. Pomwe mwakhalapo pomwepo. Munali ndi tsitsi lofika m'chiuno ndi nsapato zachimuna. Ine ndinali pakhomopo ndikuvula majombo. Anati ili ndi buku limene agogo ankakoperamo nkhani za m'nyuzipepala ya mpingo, chifukwa nyuzipepalayo inali yobwereka, inkayenda nyumba zisanu, ndipo Loweruka inkayenera kukafika kwa anansi athu a Pruitt. Inu munamwetulira bwino kwambiri, n'kulemba m'kabuku kanu."

Noreen sanali ataiwala. Mawu a mayi Opal Stroud, mayi awo a bambo Wendell, anali m'buku lake, tsamba 212, m'zilembo zing'onozing'ono za m'munsi. Analembapo kuti ngakhale a m'banja mwake mpaka lero amanena kuti Almira ankangokopera, umboni wa mmene ntchito ya mkazi imakwiriridwira ndi anthu ake omwe. Palibe ndime ya bukulo imene inagwidwa mawu kawirikawiri ngati imeneyo. Inawerengedwa m'misonkhano, anthu akugwedeza mitu. Noreen anali atapita ku Tillbury kukafunafuna mawu a akazi amene sanamvedwe, ndipo mkazi wamoyo atamuuza zoona m'chiganizo chimodzi, iye anachisandutsa chitsanzo cha umbuli.

"Bwanji simunanditsutse buku litatuluka?"

"Ife tikutsutseni inu? Inu munali ndi madigiri, ife ng'ombe. Mayi anati mwina ophunzirawa aona chimene ife sitinaone. Kenako kunabwera a meya, bandi ya sukulu, chikwangwani chitakutidwa ndi nsalu. Munthu ungaimirire pamenepo n'kunena kuti pepani abale, agogo ankangokopera? Ndiponso mayi anasangalala. Anagula chipewa." Anamuthiriranso khofi. "Tsamba lija mayi analiona, lonena kuti ife tinakwirira agogo. Anaikapo kachingwe. Sanayankhulepo kanthu, koma kachingweko kalipobe."



"Ngati mwabwera kudzandipempha kuti ndisunge pakamwa, musavutike," anatero bambo Stroud. "Ndasunga zaka makumi awiri ndi zisanu popanda wondipempha. Zotsalazi n'zochepa."

Chimene Noreen anabwerera, mpata wokhala chete, chinali patebulo, pafupi ndi shuga, ndipo analephera kuchitola. Hollis anali atamulonjeza kukhala chete, nkhalambayi nayonso. Panalibe womukakamiza. Koma mawu a m'munsi aja analinso m'mapepala odikira siginecha yake, ndipo ulendo uno akanawerengedwa ndi ana a sukulu zikwi zambiri. Akanatha kuwachotsa mawa lake mwakachetechete, wina osazindikira. Anaona kuti kumeneko kukanakhala kukwirira kwenikweni, ndipo fosholo ikanakhala m'manja mwake.

"Nanga analemba ndani?" anafunsa bambo Stroud pomuperekeza.

"Sindikudziwa. Zitatu zili ndi zilembo zoyamba za dzina. Zinazo zilibe kanthu."

"Ndiye ntchito muli nayo, a Pulofesa. Ine ndinkayesa munamaliza kale."

Lachisanu m'mawa anaimbira mkonzi wa kukampani yosindikiza. Mkonziyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayankhula ngati munthu wonyamula mbale zogalauka.

"Pulofesa, izi zikhoza kukonzeka. Mutilembere mawu oyamba atsopano, onena za kukopera ngati luso palokha. Masiku ano anthu zimenezi akuzikonda. Tikupatsani milungu iwiri."

"Ndawalemba kale."

"Ndiye titumizireni."

"Sinditumiza. Dzina lichoke pachikuto."

"Popanda dzinalo palibe buku, mayi."

"Ndikudziwa."

Tsiku lomwelo anaimbira ophunzira ake atatu aja, mmodzimmodzi, kuti asamve kwa ena. Woyamba analira. Wachiwiri anafunsa ngati angalembe naye nkhani ya mmene zinatulukira. Wachitatu, amene buku lake la Almira linali litangolandiridwa kumene ndipo mpando wake unkadalira bukulo, anamvetsera mpaka kumapeto, anati zikomo, n'kudula foni. Sanayankhulanenso mpaka lero, ndipo Noreen sanapezepo mfundo yoti amuimbire mlandu.

Zotsatira zake sizinali zoopsa monga ankaopera, komanso sizinali zochepa. Palibe anamuchotsa ntchito. Buku lake linachoka pa mndandanda wa zowerenga m'sukulu imodzi, kenako ina, mosachita phokoso. Makalata omuitanira kumisonkhano analeka kubwera. Anzake a m'dipatimenti anayamba kumupatsa moni wofewa, uja amapatsidwa namfedwa, ndipo ankasintha nkhani iye akalowa m'chipinda cha khofi. Chikwangwani chikadalipo pamphambano, chifukwa a khonsolo anakambirana kawiri osagwirizana.

Kalata yopita ku magazini ya akatswiri anzake inali ya tsamba limodzi ndi theka. Sanatchulemo zaka zinayi za m'chipinda chamdima. Anandandalika nkhani khumi ndi ziwirizo, iliyonse ndi malo ndi tsiku limene inayamba kusindikizidwa, anathokoza Hollis Tarbox, n'kupempha owerenga kuti mutu wachinayi wa buku lake asaudalirenso. Za ndime za ulaliki zija ananena m'ziganizo ziwiri, kuti zisanu ndi zitatu zimathera pamene pepala lathera, ndipo ziwiri sakudziwa. Ntchito yawo ili ndi lamulo limodzi limene onse amalisunga, ngakhale odana: amene anayamba kunena chinthu amatchulidwa dzina. Choncho ndime yomaliza inati woyamba kufotokoza molondola za kopelo anali mayi Opal Stroud a ku Tillbury, m'khitchini mwawo, mu Juni 1982.

Patapita milungu isanu kalatayo inabwerera kuchokera kwa mkonzi wa magaziniyo, munthu wosamala, ili ndi funso limodzi m'mphepete: mawu a mayi Stroud amenewa, umboni wake uli kuti? Noreen analemba pansi pa funsolo dzina la buku lake, chaka cha 1987, ndi tsamba 212.